Mabawuti a Galimoto Yofiira ya ku Durban

Ku Tembwe mpaka lero alipo amene amati ndinapita ku Joni kukathamangira mwamuna. Sindikana, chimene chinandinyamula ndi chimenecho. Atate ake a Tiwonge anali atakhala kumeneko zaka zingapo, foni yawo inayamba kusowasowa, kenako inazimiratu. Apongozi anga ankangoti, "Dikira, mwana wanga, adzabwera." Ndinadikira mpaka ndinatopa. Ndinagulitsa mpunga wanga wonse wa chaka chimenecho, ndinasiya mwana wanga wamkazi Tiwonge kwa agogo ake mano akutsogolo atangoguluka kumene, n'kukwera lole ya ku Lundazi.

Za ulendowo ndimakumbukira miyendo kutupa basi. Lundazi, Chipata, Lusaka, kenako basi yaitali yosatha. Ku Joni anthu akwathu anandiuza kuti munthu wanuyo anasamukira ku Durban, kunyanja. Ndinapita, ndipo ndinawapeza. Chitseko ananditsegulira ndi mkazi wina ali ndi mwana kumsana.

Atate ake a Tiwonge anatuluka, nkhope ili gwaa. "Wabwereranji osanena? Mawa ndikukweza basi, ubwerere kumudzi."

"Ndinabwera ndekha," ndinawayankha. "Ndidzabwereranso ndekha, tsiku limene ndidzafune ineyo."

Sindinalire pamaso pawo. Ndinakalirira pa siteshoni, n'kupukuta m'maso, n'kuyamba kufunsa kumene akazi achilendo amagona.

Inali nyumba yakale pafupi ndi doko la sitima. Chipinda chimodzi tinkagonamo akazi ambiri, aliyense malire ake ndi katani. Munali a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo. Wina akapeza ganyu tonse tinkadya, wina akadwala tonse tinkasowa tulo. Chimene chinandidabwitsa kumeneko ndi mphepo. Imachokera kunyanja ili ndi mchere, ndipo chitsulo chilichonse imachidya. Loko wa pachitseko, supuni, ngakhale zipi ya chikwama changa, zonse zinafiira ndi dzimbiri. Kwathu ku chigwa khasu limatha ndi kulima. Kumeneko chitsulo chimatha chili chikhalire.

Mayi wina wa ku Mzimba atandimva ndikuyankhula pa foni Chisenga, chinenero chakwathu chofanana ndi chakwawo, anandikumbatira ngati m'bale wake. Ndi iye anandipezera ntchito yosesa pa galaja ina yokonza magalimoto akale.

Pa galajapo panali amakaniko a konko, ndi mkulu mmodzi wa ku Mozambique, a Zuze, ochokera ku Angonia. Tsiku loyamba ndikusesa ndinagunda chala pa jeke n'kukuwa kuti "Mayo!" Mawu a mkuluyo anatuluka pansi pa galimoto, m'chinenero chimene ndimachimva: "Pepani, mayi. Kwanu n'kuti?" Ndinatsala pang'ono kugwetsa tsache. Kuyambira pamenepo iwo ankanditchula amake Tiwonge, ine ndinkawatchula madala monga ankachitira onse. Anali atakalamba. Maso anali atayamba kuchita khungu, ndipo m'mawa manja ankanjenjemera mpaka atamwa tiyi.

Galimoto ija inabwera itanyamulidwa pa lole. Sindinaonepo yotero. Yofiira, yaifupi yondifika m'chiuno, mipando iwiri yokha, denga lake lansalu lopindira kumbuyo. Anati ndi zija zopangidwira liwiro. Mwini wake anali mayi wina wa konko, atate ake anamwalira n'kuisiya m'shedi pafupi ndi nyanja zaka zambiri. Ankafuna kuti iyendenso. Pamwamba inkawala ndithu. Koma ataikweza m'mwamba, amakaniko onse anaimba mluzu n'kubwerera m'mbuyo. Pansi pake panali ngati chulu. Mabawuti ndi manati sankaoneka kuti mutu uli pati, anali zibuluma zofiirira zokhazokha.

Palibe anaifuna. Ntchito ya dzimbiri imadya nthawi, ndipo aliyense ankafuna galimoto yolowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Bwana wa galajayo anayang'ana uku ndi uku, maso ake anaima pa a Zuze.

"Iyi ndi yako, madala. Ikakukanika, upite kwanu ukapume."

Tonse tinamva tanthauzo lake. Ankafuna kuwachotsa kalekale, ankangosowa poyambira.

Ndinayamba ndi kuwapatsira zida. Ndikasesa kufika pafupi, amati, "Amake Tiwonge, tandipatsani sipanala iyo." Kenako anayamba kundipempha maso. "Tayang'anani apa, mutu wa bawutiwu ulipo kapena wadyeka?" Mapeto ake tsache ndinkaliimika pakhoma, ine ndili pansi pa galimoto ndi bulashi ya waya, dzimbiri likundigwera m'maso ndi m'kamwa. Madzulo ndikalavula, malovu ankatuluka ofiira.

A Zuze sankafulumira. Bawuti iliyonse tinkayamba kuipala mpaka mazinga aoneke. Tikatero n'kuithira mafuta olowerera, n'kuisiya, n'kupita pa ina. Mawa lake tibwerere, tiigogode pang'onopang'ono ndi hamala kuti dzimbiri lisweke m'kati. Ikakana, tiiwotche ndi gasi mpaka nati ifiire. Ndipo pomasula sankayamba ndi kumasula. Ankayamba kuimanga pang'ono kaye, kenako kubweza, kumanga, kubweza.

"Muzimvetsera," ankatero. "Ikamalira ngati mbewa, ikubwera. Koma ikafewa mwadzidzidzi osalira, chotsani dzanja. Imeneyo ikuthyoka."

Ndinathyola zambiri ndisanamve zimenezo. Zala zanga zinasupuka, zikhadabo zinada mpaka sopo analephera. Makaniko wina wa konko, dzina lake Bheki, akandiona ndikutuluka pansi pa galimoto nkhope ili bii, ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Ankauza anzake kuti madala wapeza mkazi wa tsache kuti amupulumutse. Bwana akabwera, ankandikalipira kuti sanandilembe ntchito ya sipanala. Ndinkasesa mpaka alowe mu ofesi, n'kubwerera.

Tinamasula za kumiyendo zonse, za thanki ya mafuta, za pansi pa mipando. Anatsala mabawuti ogwira ekizozi ku injini, amene a Zuze ankawaopa kuposa onse, chifukwa amenewo amapsa ndi moto wa injini zaka zonse kenako n'kudyedwa ndi mchere.

Ndi nthawi imeneyo kunabuka chipwirikiti. Magulu a anthu anayamba kuyenda msewu ndi msewu kufunafuna alendo, akuti tikuwalanda ntchito. Mashopu a alendo anathyoledwa. M'nyumba mwathu akazi anayamba kumanga katundu, ena akulira, ena akupemphera. M'mawa wina kunabwera uthenga woti a Zuze awagwira pokwerera minibasi, awamenya, mkono wamanja wathyoka, ali kuchipatala. Bwana anatumiza mawu kuti mlendo aliyense asabwere kuntchito.

Ndinavala ovolosi ya a Zuze imene ndinali nditatenga kuti ndiwachapire. Mayi wa ku Mzimba uja anaima pakhomo.

"Mukupita kuti? Mukufuna mwana wanu akhale wamasiye chifukwa cha galimoto ya eni ake?"

"Ndikabisala lero, mawa ndibisalanso," ndinatero. "Ine sindinabe kanthu."

Mantha ndinali nawo, ndisaname. Pafupi ndi galaja amuna ena anandiimitsa. Mmodzi analoza chigongono chake n'kundifunsa dzina la chigongonocho m'chinenero chawo. Ndi mmene ankadziwira mlendo. Sindinkalidziwa. Ndinamuuza m'Chisenga, mokweza, ndikumuyang'ana m'maso. Anandimenya mbama yoti khutu linalira tsiku lonse, duku linagwera m'ngalande. Sindinathawe. Ndinawerama, n'kutola duku langa, n'kulimanganso lili lonyowa. Mayi wina wa konko amene ankagulitsa zitumbuwa pakona, amene ndinkamugula m'mawa uliwonse, anayamba kuwakalipira mpaka anthu anatuluka m'nyumba. Amuna aja anandikankha n'kupitirira.

Bwana atandiona anatukwana. Anati ndipite, galimotoyo aitumiza kwina, za madala zatha.

"Mundipatse ine," ndinatero.

Anaseka. Bheki sanaseke, anali akuyang'ana tsaya langa lotupa.

Sindinadikire yankho. Ndinatenga sipanala n'kuweramira mu injini. Mabawuti aja tinali titawathira mafuta masiku ambiri. Yoyamba inalira ngati mbewa, n'kubwera. Yachiwiri chimodzimodzi. Mtima unayamba kundikula. Pa ina ya kumapeto, yobisika kumbuyo, ndinakoka ndi mkwiyo wonse wa mbama ija. Inafewa. Dzanja linamva, koma linachedwa kuleka. Thyo! Mutu unatsala m'sipanala, thupi lake linatsala m'kati mwa injini, kachidutswa kakang'ono kokha kakusuzumira kunja.

Bwana anathamanga kuchokera mu ofesi. Anakuwa kuti ndawononga injini yosapezekanso, kuti mwini galimoto adzamutengera kukhoti, kuti mkazi wa tsache akhale ndi tsache lake. Analitenga yekha tsachelo n'kundiponyera pamapazi.

Sindinalitole. "Ndathyola ndine, ndichotsa ndine."

"Uchotsa ndi chiyani, mano?"

"Mundichotse ntchito ikatuluka. Isanatuluke sindichoka pano."

Analowa mu ofesi n'kumenyetsa chitseko. Ine ndinangoima, osadziwa poyambira. Patapita kanthawi ndinamva chinthu chikukokedwa pansi. Anali Bheki, akukoka makina owotcherera. Anatenga bawuti yakutha, n'kuikapo nati pamwamba, n'kuwotcherera m'kati mwa natiyo kuti zigwirane. Anandionetsa kamodzi kuti ndichite zomwezo pa kachidutswa kotsala mu injini kaja, n'kundipatsa chigoba chotchingira maso, n'kubwerera ku galimoto yake.

Ndinali ndisanawotcherereko chibadwire. Nati yoyamba inangogwa yokha. Ina inagwira, nditakoka inabenthuka. Ina, ina. Nthawi ina chitsulo chosungunuka chinadontha n'kulowa m'dzanja la ovolosi, chinandiwotcha mkono mpaka ndinamva fungo la nyama yanga. Chipsera chake ndi ichi anthu amandifunsa mpaka lero. Ndinamanga kansalu n'kupitiriza.

Masana ena ndinapita kuchipatala kukaona a Zuze. Anali atatupa nkhope, mkono uli m'chikhakha. Nditawauza kuti ndathyola bawuti, anatseka maso.

"Ya kumbuyo ija?"

"Yomweyo, madala."

"Ikanandithyokeranso ine. Manje mukukoka ikadali yotentha, eti? Lekani zimenezo. Mukawotcherera, tengani kandulo mukhudzitse pamazinga, phula lilowe. Kenako pitani mukamwe tiyi. Izizire yokha."

Ndinagula kandulo pa shopu ya pakona. Amakaniko ataona anayamba kuseka kuti manje mlendo wayamba kupempherera injini. Ndinawotcherera, ndinakhudzitsa kandulo, phula linasungunuka n'kulowa. Ndinakhala pa tayala n'kumwa tiyi wanga pang'onopang'ono, onse akundiyang'ana. Itazizira ndinaika sipanala. Ndinamanga pang'ono. Ndinabweza. Palibe. Ndinamanganso, n'kubweza. Ndiye ndinamva kakulira kaja, kakang'ono, kuchokera m'kati mwa injini. Ndinapitiriza kumanga ndi kubweza mpaka kachidutswa kanagwera m'manja mwanga, kakuda, kotentha pang'ono.

Ndinalowa mu ofesi osagogoda, n'kukaika pa tebulo la bwana pamwamba pa mapepala ake.

"Yatuluka. Manje mukhoza kundichotsa."

Sanandichotse. Koma musaganize kuti nkhaniyi inathera pabwino ponse. Mkono wa a Zuze sunabwererenso mwakale, sankatha kufumbata sipanala, ndipo bwana anawachotsa ndithu. Ndinkafuna kuchoka nawo limodzi, iwo anandiletsa. "Mukachoka, malo anga apatsa munthu amene sanawavutikire. Khalani pomwepo, muwawawe m'maso." Chimodzi chokha ndinakakamira: kuti madala azibwera kukhala pa mpando m'galajamo mpaka galimoto ija italira. Bwana anadandaula, koma panalibe wina wodziwa kumene bawuti iliyonse inachokera koma iwo ndi ine.

Tinabwezera zonse ndi mabawuti atsopano, iliyonse titaipaka girisi kuti wodzamasula m'tsogolo asadzatitukwane. Tsiku loiliza, mwini wake asanafike, ndinatsegula chitseko n'kuwakhazika a Zuze pa mpando umodzi, ine ndinakhala pa chiwongolero ndi ovolosi yanga yamafuta. Bwana anakuwa kuti wantchito sakhala pa mipando yachikopa ya kasitomala. Ndinapotokola kiyi. Inatsokomola, inatsokomolanso, kenako inabangula mpaka malata a galaja ananjenjemera, ndipo mawu a bwana sanamvekenso. Ndinaponda mafuta. A Zuze ankaseka misozi ikutsika, dzanja lawo labwino likumenya pachitseko. Kuyendetsa sindinkadziwa, galimotoyo sinasunthe ngakhale pang'ono, koma amene anayamba kukhalamo itadzuka ndi ifeyo.

Patapita masabata ochepa ndinawaperekeza ku basi ya ku Tete. Sindinawaonenso.

Ndinakhala pa galajapo zaka zambiri. Galimoto iliyonse yodyedwa ndi mchere ankaikankhira kwa ine. Zimene ndinkapeza ndinkatumiza kumudzi pa foni, za sukulu ya Tiwonge, za feteleza, za mankhwala a apongozi. Zonse zinkadzera kwa alamu anga aakulu, a Yotamu, mkulu wawo wa amuna anga. Ndikaimba foni kuti ndiyankhule ndi mwana, nthawi zambiri ankati wapita kudimba.

Chimene chinandibweza ndi uthenga wa mphunzitsi wina wamkazi wa pa sukulu ya Tiwonge. Anapeza nambala yanga n'kundiuza kuti mwana wasiya kubwera m'kalasi, ndipo kumudzi kukumveka zoti a Yotamu alandira kale ng'ombe za malowolo a mwanayo kwa bambo wina wogula mpunga. Sabata yomweyo ndinamanga zida zanga m'thumba.

Tembwe ndinamupeza wina. Apongozi anali atakalamba, osaonanso bwino. Nyumba ya a Yotamu inali yamalata, ya njerwa zowotcha, sola ili padenga. Kanyumba kanga kanali katagwa, pamalo pake atabzalapo fodya. Mtsikana wamtali anatuluka kukhitchini, anagwada patali n'kunena kuti, "Mwafika bwanji, anti?" Anali Tiwonge. Mbama ya ku Durban sinandipweteke ngati mawu amenewo.

Mawa lake anandikhazika pansi pa mtengo, abale onse a amuna anga atazungulira. Anayankhula ndi a Yotamu.

"Mlamu, mwana uyu ndi wa pakhomo pano, malowolo anu tinapereka. Inu munamutaya n'kupita. Zimene mumachita kumeneko zaka zonsezi, mkazi wopanda mwamuna, sitikuzidziwa. Manje ngati mukufuna kukhala ndi mawu pa mwanayu, mugwade, mupepese banja lino, mutiuze kumene mumagona."

Ndinaimirira. Ena anang'ung'udza kuti mkazi sayankhula ataima.

"Alamu, kumene ndimagona mukafunse mng'ono wanu, ndi amene anandisiya pa msewu. Chimene ndimachita ndi ichi." Ndinatambasula manja anga, zikhatho zolimba ngati za mwamuna, chipsera chili poyera. "Malata amene mukugonamowo anachokera m'manja amenewa. Kupepesa sindipepesa. Ndikupita ku boma, ku Chama, ndikatsegula shedi yokonza njinga zamoto pafupi ndi sukulu." Ndinatembenukira kwa mwana wanga, amene anali atakhala kumbuyo kwa agogo ake, mutu uli pansi. "Tiwonge, sindikukoka. Sundidziwa, ndipo mlandu si wako. Koma ukafuna sukulu, ukafunse pa msika wa Chama kumene kuli mayi wokonza njinga."

Ndinanyamula thumba langa. Palibe anandiperekeza.

Ku boma ndinapeza kachipinda ndi kakhonde. Poyamba anyamata a njinga zamoto ankangodutsa akuseka, kenako mmodzi anabwera ndi nati yokana, kenako anayamba kubwera okha. Masiku ankapita, mwana osaoneka. Ndinkagwira ntchito maso ali kumsewu wa ku Tembwe.

Loweruka lina masana ndili chogwada pa njinga ya munthu, ndinaona mapazi afumbi ataima patsogolo panga. Anali atanyamula kamtolo ka chitenje pamutu, yunifolomu ikusuzumira pakona.

"Pano pali malo ogona?" anafunsa, osanditchula dzina lililonse.

"Alipo. Lowa, uike katundu."

Sipanapite nthawi, a Yotamu anatulukira pa njinga yakapalasa, thukuta lili thovu. Anaigwetsa pansi n'kulunjika pakhomo. Ndinafika ine poyamba, n'kuima pamenepo.

"Chokani, mlamu. Ng'ombe za eni ake ndinalandira kale. Ndikawauza chiyani?"

"Mukawauze kuti abwere atenge ng'ombe zawo."

"Ndikuitanirani apolisi, mwaba mwana!"

"Polisi ndi iyo, alamu, kuseri kwa msika. Tiyeni limodzi. Inu mukanene za mwana wobedwa, ine ndikanene za mwana wa sukulu amene mwamugulitsa. Ndikutsekereni shedi tipite?"

Anthu a pamsika anali atayamba kusonkhana. A Yotamu anayang'ana iwo, anayang'ana ine. Anatola njinga yawo n'kuikankha wapansi mpaka anakhota pakona, osakwera.

Nditatembenuka ndinapeza Tiwonge ataima kumbuyo kwanga, atagwira lamba wa ovolosi yanga ndi manja onse awiri. Sindikudziwa kuti anagwira nthawi yanji.

"Abweranso mawa," ananong'ona.

"Abwere. Atipeza."

Sanasiye lambayo msanga. Ine sindinamuuze kuti asiye, ngakhale mwini njinga uja anali akudikira.